Mafuta a Ukwati wa Ubah

Hargeisa, 9 Januwale 1984

Kwa mlamu wanga Dahabo, kudzera mwa Timiro, poti ndiye amadziwa kuwerenga,

Mtendere ukhale nanu. Muli bwanji kuthengoko? Kuno tonse tili bwino kupatula ine. Iwe Timiro, uwerenge mokweza, usameze mawu monga umachitira, mayi ako amve zonse.

Ubah wanga akukwatiwa. Akulowa m'banja la a Haji Warfa, aja a sitolo ya nsalu, a nyumba ya chitseko chachitsulo chobiriwira. Ukwati ndi kumayambiriro kwa Malichi. Lulutirani kaye, ndikudikirani.

Tsopano nkhani ya heedo, mbale ya chakudya ija akuchikazi timapereka kuchimuna. Mukudziwa kuti ku banja ngati limeneli sitingapereke heedo yamanyazi. Mbale yamtengo ndabwereka. Zingwe, mikanda ndi nsalu yoyera yoiveka ngati mkwatibwi ndagula. Nyama ndiyanika ndi kuikazinga konkuno, ndipo zipatso za kanjedza zomatira pamwamba zachokera ku Aden. Chatsala ndi chimodzi, mafuta a mkaka omizamo nyamayo. A pamsika sindiwafuna, akazi a kumeneko amathiramo zinthu zimene sindingazilembe. Ndikufuna a ng'ombe zathu, oyengedwa ndi manja anu, onunkhira utsi wa kwathu, kuti tsiku lachisanu ndi chiwiri la ukwati amuna akuchimuna akadzamasula mfundo n'kuvundukula, adzadziwe kuti Ubah sanatoledwe pamsewu.

Musaganize kuti ndikufunira pakamwa panga. Ine dokotala wandiletsa. Akuti mafuta andiundana m'mitsempha ngati matope mu mpope, magazi akuchita kudutsa modzipanikiza. Akuti ndichepetse thupi. Ine! Thupi limene ndalilera zaka zonsezi! Moti tsopano ndikuphikira mafuta a m'chitini chachikasu, osamveka kalikonse, ndipo nyama ya nkhosa ndikungodya masana ndi madzulo basi. Inu a kuthengo muli ndi mwayi, matenda oterewa simuwadziwa.

Ng'ombe zanga zitatu zija, zimene malemu mchimwene wanga ankandisungira, zili bwanji? Yofiira ija inabereka?

Mlamu wanu,
Siraad


Kuthengo la Odweyne, 22 Januwale 1984

Azakhali okondedwa,

Mtendere ukhale nanu. Kalata yanu yabwera ndi a Haybe, dalaivala wa lole ya makala. Ndawerenga mokweza. Amayi analulutira, kenaka anakhosomola nthawi yaitali.

Mawu a amayi ndi awa. Akuti Mulungu adalitse Ubah, abereke ana aamuna ndi aakazi. Akuti pepani ndi matenda anu. Akuti za mafuta tiona mmene Mulungu atithandizire. Mawu a amayi athera apa.

Otsatirawa ndi anga. Amayi sakudziwa kuti ndikulemba, akuganiza kuti ndikukonza zilembo.

Azakhali, mvula yachiwiri ija sinagwe kuno. Amuna anga, bambo a Nimo, anapita ndi ngamila kumwera kukafuna madzi, ndipo sitinamve za iwo. Pochoka, malinunda a ngamilazo anali atagwera kumbali ngati chipewa cha munthu woledzera. Nkhosa zathu mukuzikumbukira mmene michira yake inkagwedezekera ndi mafuta? Zadya michira yawo zili chiimire. Tsopano kumbuyo kwake kukulendewera timatumba topanda kanthu.

Ng'ombe zanu zilipo zonse zitatu. Yofiira inabereka, koma mwanayo sanakhalitse. Dzana ndinasonkhanitsa mkaka wa masiku angapo n'kuupukusa mpaka mapewa kuuma. Mafuta amene anatuluka anali ngati diso la mbuzi. Ndinawanyambititsa Nimo.

Nimo simunamuone, anabadwa mutapita kale. Tsopano akukwawa, kapena ndinene kuti ankakwawa. Mawere anga aphwa. Akudya phala la mapira.

Nsupa yachikopa ija ilipo, imene tinadzaza nthawi ya mvula yaikulu chaka chatha. Tinawayenga bwino mafutawo, mpaka anasiya kuthetheka pamoto, ndiye sanavunde. Ilipo. Ndimatapamo pang'ono m'mawa uliwonse n'kuthira m'phala la mwana.

Matenda anu aja ndinawafotokozera akazi a kuchitsime. Mmodzi anafunsa ngati ali opatsirana, akuti angakonde kudzakuonani.

Ngati pali shuga kapena mpunga wotsala pa zokonzekera, a Haybe akhoza kunyamula.

Mwana wanu,
Timiro


Hargeisa, 5 Febuluwale 1984

Iwe Timiro,

Mtendere. Ndasangalala kumva kuti nsupa ilipo! Ndinadziwa ine kuti Dahabo sangakhale opanda kanthu pakona. Ndauza kale amayi a mkwati kuti mafuta akuchokera ku ng'ombe zathu zenizeni, ndipo anangoti kukamwa yasa. Iwowo alibe ngakhale mbuzi, chuma chawo chonse ndi nsalu.

Koma leka kutapamo. Kutapa pang'onopang'ono ndi kumene kunamaliza chitsime. Mwana wamng'ono safuna mafuta, dokotala wanga akuti mafuta ndi mdani wa mtima. Ukamuzoloweza panopa adzavutika ngati ine. Ndikunena izi chifukwa chomukonda.

Za chilala ndamva. Kuno nakonso tikuvutika, abulu otunga madzi akufika mochedwa, moti Ubah anasamba dzuwa litakwera. Onse tikupirira.

Shuga ndi mpunga ndi za alendo. Zikatsala ukwati ukatha ndidzakumbukira.

Haybe akubwera sabata ya mawa kapena inayo. Umupatse nsupayo yonse, uimange bwino pakamwa, ndipo umuuze asaiike pafupi ndi injini. Ndipo ndikukumbutse mwaulemu, mwana wa mchimwene wanga, kuti mkaka umene munapukusa chaka chatha unatuluka m'mawere a ng'ombe zanga. Zaka zonsezi mwakhala mukumwa, ine osanena kanthu. Sindikufuna kufika poganiza kuti ng'ombezo zingasungike bwino kwina.

Upereke moni kwa mayi ako. Mwanayo dzina lake ndani kodi?

Azakhali ako,
Siraad


Kuthengo la Odweyne, 19 Febuluwale 1984

Azakhali okondedwa,

Mtendere ukhale nanu. Dzina lake ndi Nimo. A Haybe ali panja akumwa tiyi wopanda mkaka, akudikira kalatayi. Ndayamba katatu, pepala n'kumaling'amba. Pakamwa sindimatha, inu mukudziwa, ndiye ndilemba.

Nsupa sikubwera.

Sabata yatha kunabwera namwino ndi galimoto ku Odweyne. Ndinapita naye Nimo. Anamuyeza mkono ndi kachingwe, n'kuyang'ana tsitsi lake limene layamba kufiira, n'kumutsina khungu la pantchafu. Khungulo linatsala chiimire ngati nsalu yotsinidwa. Anandifunsa kuti, "Akudya chiyani?" Ndinati phala. Anati, "Phala lamadzi limangonamiza mimba, mchemwali. Kamimba ka mwana n'kakang'ono, kamadzadza msanga mphamvu isanalowe. Muli ndi mafuta alionse kunyumba?" Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anati, "Ndiye mankhwala muli nawo kale, ine ndilibe oposa amenewo. M'mawa, masana ndi madzulo, mpaka mvula. Musaphonye."

Sindikudziwa kuti wanzeru ndani pakati pa dokotala wanu ndi namwino wathu. Mwina onse akunena zoona, kungoti mafutawo anasochera nyumba.

Lero lole itamveka, amayi anati, "Timiro, tulutsa nsupa. Ndi mlongo wa bambo ako ameneyo. Ukwati suchitika kawiri, ndipo akatilanda ng'ombe, mvula ikadzagwa tidzakama miyala?" Ine ndinalowa m'nyumba, n'kuitenga nsupayo, n'kuikhalira, n'kuyala chovala changa mbali zonse.

Amayi anafuna paliponse. Anagwetsa mphasa, anasuzumira m'miphika, anakumba ndi phulusa lomwe. "Iwe, nsupa ili kuti?" Ine maso pansi. "Wasanduka bubu? Dzuka undithandize!" Ine osasuntha.

A Haybe anasuzumira pakhomo, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pansi. Kenaka anati, "Mayi, musavutike. Nkhuku iyi yafungatira. Ine ndinalembedwa ntchito yonyamula makala, osati yochotsa nkhuku pamazira."

Amayi anakhala pansi n'kufunda kumaso. Sindikudziwa ngati ankalira kapena kuseka. Atavundukula anati, "Lemba wekha. Dzina langa usaliikemo."

Ndiye ndi ine ndekha, azakhali. Ndakuuzani nthawi ikadalipo kuti mufune kwina. Mumuuze Ubah andikhululukire. Mvula ikagwa ndidzamuyengera nsupa ziwiri, ya ukwati ndi ya mwana woyamba.

Mwana wanu,
Timiro


Hargeisa, 1 Malichi 1984

Timiro!

Moni ndilibe nthawi yake. Haybe ali kuti? Nsupa ili kuti? Chichokereni kuno sanaonekenso, ena akuti lole yake yafera m'khwawa. Ndikutumiza kalatayi ndi ogula mbuzi. Ngati nsupayo ili ndi iyeyo, tumizani munthu pa bulu akaitenge asanaimwe ndi tiyi. Nyama ndakazinga kale, ikungodikira. Ndikudziwa kuti munatumiza, iwe sunandikanirepo kanthu chibadwire.

Siraad


Hargeisa, 18 Malichi 1984

Msuweni wanga Timiro,

Mtendere, ndipo umupsompsone Nimo. Ndine Ubah. Ndikulemba ndili ku nyumba ya chitseko chobiriwira, kumene ndakhala mkazi wa mwini kwa masabata awiri ndipo ndapeza kale dzina latsopano. Ndikuuza.

Kalata yako inafika dzana. Haybe anakhala pafupifupi mwezi m'khwawa kudikira chitsulo cha lole, kalatayo ili m'thumba la malaya. Inafika yakuda bii ndi makala. Amayi anandiitanitsa kuti ndidzamve kuipa kwako. Ataiwerenga anapempha madzi, kenaka mpando, kenaka dokotala.

Iwo anadikira nsupa yako mpaka tsiku lomanga heedo. Atathamangira kumsika anapeza chilala chinafika kale kumeneko. Mafuta a mkaka amene analipo ankanunkha tonde. Ndiye anabwerera, n'kutenga chitini chawo chachikasu, n'kukhuthulira pa nyama ija. Anati, "Mafuta ndi mafuta. Awa ndiye apamwamba, odziwika ndi madokotala." Anamata zipatso za kanjedza pamwamba, kuvundikira, kuveka nsalu yoyera, mikanda m'khosi, zingwe mfundo pamwamba pa mfundo. Inakongola, msuweni, kuposa ine.

Koma iwe ukudziwa, mafuta a mkaka kukazizira amagona n'kuikumbatira nyama. A m'chitini sagona. Usana ndi usiku amangoyendayenda kufuna potulukira. Ndipo mbale yobwereka ija inali ndi kamng'alu.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anthu anadzaza. Heedo inabwera pamutu pa mayi wina ndi nthungululu, n'kuikidwa pakati pa kapeti ya a Haji, ija anaigula ku mzinda woyera wa Maka. Nthungululu zinatha imodziimodzi. Nsalu yoyera ija, kuyambira m'chiuno kutsika, inali itanyowa chikasu.

Aliyense amadziwa kuti heedo ndi mkwatibwi. Ndiye onse anayang'ana heedo, kenaka ine.

Gogo wina wakuchimuna, wosamva bwino, anafunsa mokuwa, "Kodi mwanayu mwamubweretsa asanasiye kukodza pamphasa?" Wina anayankha, "Ayi agogo, ndi thukuta, akuopa a Haji." Wina kumbuyo, "Mubweretsereni thewera!"

Mayi wolondera heedo anali ataima ndi mkwapulo wake, wokonzeka kukwapula mwamuna aliyense wogwira mfundo yolakwika. Anali atakonzeratu zilango, wina adzaimbe, wina adzavine ngati ngamila. Amalume a mwamuna wanga anagwada, n'kupinda manja a malaya, n'kungokhudza chingwe ndi chala. Zingwe zonse zinali zitamwa mafuta. Zinangoterereka zokha mpaka pansi ngati siketi yothothoka lamba. Iwo anadzuka n'kuti, "Ine ndamasulapo maheedo ambiri, koma yodzivula yokha ndi yoyamba." Mayi wa mkwapulo uja anangodzikanda nawo kumsana.

Atavundukula, tinyama tinali titaunjikana pansi, touma ngati zitosi za mbuzi. Mafuta onse anali mu kapeti. Apongozi anga aakazi anatola kamodzi, n'kukanunkhiza, n'kutembenukira kwa amayi. "A Siraad, ng'ombe zanu zija ndi za mtundu wanji? Zimakamidwa ndi chotsegulira zitini?"

Amayi anayankha kuti iwo amaganizira mitima ya alendo. A Haji anati mtima wawo unali bwino mpaka pamene anaona kapeti.

Kapetiyo aitsuka ndi madzi kangapo, banga likungokula. Madzi ndi mafuta sizimvana, ngati ine ndi apongozi. Tsopano nyumba yonse, ndi antchito omwe, akunditchula Wodontha. Ndikalowa m'chipinda wina amayang'ana pansi pamene ndaponda. Mwamuna wanga amaseka nawo, kenaka n'kudzandipepesa tili awiri. Ndimaseka masana. Dzina limeneli ndidzafa nalo, ukuwadziwa anthu a kuno.

Ndinakukwiyira, sindinama. Koma kalata yakoyo amayi ataiponya pansi ndinaitola, n'kufunafunanso ija yoyamba. Msuweni, amayi ankatiwerengera modumpha. Za michira ya nkhosa tinamva, tinaseka. Za Nimo sindinamvepo. Sindinkadziwa n'komwe kuti mawere ako aphwa.

Ndikadali wokwiya pang'ono. Undipatse miyezi ingapo.

Msuweni wako,
Ubah


Hargeisa, 20 Malichi 1984

Kwa Timiro mwana wa Dahabo,

Sindikupatsa moni. Njoka yachete ndiyo imaluma. Ndinkati ndiwe wamanyazi, osadziwa kuti ndiwe wokhalira zinthu za eni. Wandivula pamaso pa mzinda wonse. Kumsika akazi akumandifunsa mtengo wa ng'ombe ya m'chitini. Magazi anga akwera, dokotala wandiletsa ndi mchere womwe.

Lole ya Haybe yakonzedwa. Ikubwera kudzatenga ng'ombe zanga zonse zitatu. Ndikuzifuna pakhomo panga, ndizidziyengera ndekha, anthu aone kuti sindinaname. Musabise ngakhale imodzi. Ndipo uzikhalirenso zimenezo tione.

Siraad


Kuthengo la Odweyne, 4 Epulo 1984

Azakhali okondedwa,

Mtendere ukhale nanu, ngakhale inu simunatipatse. Amayi akupereka moni. Akuti pepani ndi mchere.

Ng'ombe zanu zonse zitatu zakwera lole. Sitinabise iliyonse.

Ziwiri zikubwera zopinda. Yamawanga inagona kumapeto kwa Febuluwale, yothyoka nyanga inatsatira mwezi wathawu. Tinazisenda bwino, zikopa zilibe bowo. A Haybe aziika kutsogolo kuti zisade ndi makala. Nyama yake sitinakusungireni. Inalibe mafuta ngakhale odzola pamlomo, bwenzi dokotala wanu ataikonda.

Yofiira ikubwera yamoyo. Poikweza anainyamula amuna anayi, ndipo mmodzi anati wanyamulapo mabedi olemera kuposa pamenepa. M'mawa siidzuka yokha. Mudzafunika anthu awiri, wina kumchira wina kukhosi, ndipo muziilankhula mawu abwino, imamva. Imamwa ndowa zingapo patsiku, ndiye mupangane ndi a abulu aja azifika msanga. Udzu ndamva kuti m'tauni amagulitsa pamtolo. Musaikame panopa. Mukaona ngati ikukuyang'anani kwambiri, si chipongwe, ndi mmene imayang'anira aliyense wonenepa.

Lole itanyamuka amayi anaima pakhola nthawi yaitali. Anati, "Chikwatiwire changa sindinagonepo pamudzi wopanda ng'ombe." Kumwera mitambo yayamba kusonkhana, ndipo ikagwa mvula udzu udzamera, ife tilibe ng'ombe youdya. Ndikudziwa chimene ndachita, azakhali. Nsupa ziwiri ndinalonjeza Ubah zija zidzachedwa. Mumuuze kuti dzina limene amupatsalo limandiwawa, ndipo ndikanakhala ndi njira ndikanalisenza ine.

Munanena kuti mkaka unali wa ng'ombe zanu, ndiye mafutanso ndi anu. Ndi zoona. N'chifukwa chake ndikuuzeni kumene ali, musaganize kuti anatayika. M'nsupa mwatsala ongokanda ndi chala. Ena onse ali pa Nimo. Ali m'masaya, ali pamkono pamene kachingwe ka namwino sikakufikanso pakale paja, ndipo pantchafu iliyonse apanga mzere umodzi wopindika. Ndikamutsina khungu limabwerera. Dzulo anagwira mwendo wa amayi n'kuimirira, kenaka anagwa chokhala, osalira, poti tsopano ali ndi pogwera.

Tsiku limene mudzafune kuwatenga, bwerani. Koma mubwere ndi mphamvu, akuluma.

Mwana wanu,
Timiro